ZA KUONA NKHOPE PA MALIRO A AKULU

Mau amene adalankhula mmodzi wa akulu a nthambi yathu, mphunzitsi wopuma ntchito, pa msonkhano wa nthambi ya Nazombe. Mlembi wawalemba monga adanenedwa, kuti amene sadafike awerenge kapena awerengeredwe.



Nonse mukudziwa chimene chandiimiritsa. Mwezi wathawu tidaika m'manda mkulu wathu uja amene adayenda ndi nthambi ino kuyambira tsiku loibzala, ndipo pa maliro ake padabuka mau osayenera kumveka pa siwa. Anyamata athu adadza ndi nsalu ya chipani kuti afunditse bokosi. Adafunanso kuti bokosilo liyambe laima pa bwalo lino la misonkhano, a nthambi zina aonere nkhope pano, lisanapite ku tchalitchi. Eni mbumba adakana zonse ziwiri. Mau adakula, adzukulu adagoneka makasu, ndipo mfumu ikadapanda kulowapo tikadachita manyazi pamaso pa alendo. Sinditchula munthu dzina, pakuti amene adalankhula mokalipa tsiku lija adatero chifukwa chokonda malemu. Koma ndikuona kuti ena mwa inu simulonjerana bwino kufikira lero, ndipo akubanja aja sadapondenso pa msonkhano wathu.

Mnyamata mmodzi adandifunsa tsiku lomwelo, nati: "Agogo, nanga si m'mene amachitira ku Lilongwe? Mtsogoleri akamwalira amamfunditsa mbendera, namgoneka poyera kuti anthu onse amuone. Ife talakwa chiani?" Sindidamyankhe pomwepo, chifukwa pa maliro si pophunzitsira. Ndimyankha lero, ndipo mupirire nane, pakuti yankho lake lidzera kutali.

Tiyambe ndi zathu. Munthu akatsirizika m'mudzi muno, eni mbumba amayamba atuma munthu kwa mfumu. Mfumu ndiyo imalola kuti uthenga umwazike ndi kuti adzukulu alowe ku manda. Anyamata amathyola masamba nawayala pa mseu, ndipo wa njinga amatsika, wa galimoto amachepetsa liwiro, wa chipewa amabvula, angakhale sakumdziwa wakufayo. Amai amagona m'nyumba ya siwa pamodzi ndi mtembo, abambo amachezera panja pa moto. Kukacha, mtembo utasambitsidwa ndi kubvekedwa, wolengeza amaimirira nati yakwana nthawi yoona nkhope. Anthu amandanda mzere, kulowa khomo ili ndi kutuluka, aliyense aweramira m'bokosi kamphindi, napita.

Kodi mudadzifunsapo chifukwa chake timatero? Nkhope ya wakufa si yokondweretsa maso. Ena amati nkutsazika, ndipo nzoona. Koma pali chinanso chimene makolo athu adachiona. Kuona nkhope ndi umboni. Mudzi wonse umaona ndi maso ake kuti amene akulowa m'dzenjeyo ndi uje, kuti wafadi, ndi kuti pa thupi lake palibe chobisika. Mwana wathu akafera ku Joni, bokosi likafika lokhomedwa, mukudziwa m'mene mitima imakhalira. Amai ake amatha zaka akuti kapena sadali iyeyo. M'masiku a Covid, mu 2020 ndi 2021, pamene a zaumoyo adaletsa kutsegula mabokosi a ofa ndi nthendayo, tidamvera, pakuti idali yoopsa ndithu, koma ambiri tidabwerako ku manda ngati sitidaike maliro.

Tsono wotsegula bokosi ndi kulitseka ndani? Si mfumu, si abusa, si chipani. Ndi mwini mbumba. Kuno kwathu munthu ndi wa mbumba ya amai ake. Angakhale alemere, angakhale akhale nduna ya Boma, tsiku la kufa kwake amabwerera m'manja mwa alongo ake, amalume ake ndi ana a alongo ake. Gwiritsani mau amenewa, tidzawafuna kutsogoloku.

Za ku Lilongwe zija, za mbendera, malipenga, asilikali oima pa ngodya za bokosi ataweramitsa mitu, ndi mizinga yoombedwa 21, zidadza ndi Angelezi. Kwao ku London kuli nyumba yakale yotchedwa Westminster Hall, m'mene amagoneka mafumu ao ndi akulu ena owerengeka. Adagonekamo Gladstone mu 1898, Mfumu Edward VII mu 1910, Winston Churchill mu January 1965, ndipo mu September 2022 adagonekamo Mfumukazi Elizabeth II, anthu ngati 250,000 nadutsa pa bokosi lake, ena ataima pa mzere usiku wonse. Koma imvani ichi. Kumeneko bokosi limakhala lotseka. Anthu amaona mbendera, pa maliro a mfumu amaonanso chisoti chaufumu, koma nkhope iai. Maiko athu atalandira ufulu adatenga malipenga ndi mizinga ya Angelezi, koma anthu athu sakhutira ndi bokosi lotseka. Chotero maliro a Boma kuno ndi osakaniza: kunja kwake nkwachizungu, mtima wake ndi uja wa pa siwa. Chimene chimadzutsa mai wa ku Ndirande mbandakucha kukaima pa mzere si mzinga ai. Akufuna akaone nkhope. Chosiyana china nchakuti Boma liri ndi mankhwala oumitsa thupi ndi nyumba zozizira, chotero limatha kuyenda ndi maliro masabata awiri, pamene ife, ndi kutentha kwa m'chigwa chino, timaika tsiku lachiwiri.

Olamulira dziko adadziwa kale mphamvu ya nkhope ya wakufa. Nchifukwa chake pamene adaopa munthu, adabisa thupi lake. Chitsanzo choyamba chiri pakhomo pathu pompano. Mukakwera mpata wa pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje mupeza mabwinja a Fort Lister, linga limene Angelezi adamanga mu 1893 kuti atseke njira ya ogula akapolo. Pamenepo pali manda a mzungu wa Boma, Gilbert Stevenson, amene adafa mu 1896. Manda ake akudziwika, ndipo alendo amakwera kukawaona. Tsono ndikufunseni, amai ndi abambo: manda a John Chilembwe ali kuti?

Chilembwe adaukira atsamunda pa 23 January 1915. Nkhondo itamkanika adachoka ku Mbombwe, ku Chiradzulu, nalowera kuno kum'mawa kufuna kuoloka malire a Apwitikizi, ndipo pa 3 February asilikali a Boma adamuombera m'dziko lino la Mulanje, pakuti masiku amenewo Phalombe idali isanakhale boma payokha. Thupi lake adapita nalo kwa akulu a Boma, iwo nalizindikira, naliika mobisa popanda chizindikiro. Tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe adachigumula. Adaopa kuti manda ake angasanduke bwalo losonkhanirapo anthu. Koma taonani chimene chidatuluka. Popeza anthu sadaone nkhope, ambiri sadakhulupirire kuti wafa, ndipo zaka zambiri m'midzi munkamveka manong'onong'o akuti adapulumuka, adzabweranso. Lero nkhope imene adaibisa ija iri pa ndalama ya K2,000 m'thumba mwanu. Pa 15 January dziko lonse limapuma kumkumbukira. Kuyambira mu September 2022 kufikira 2024 chifanizo chake, chopangidwa ndi Mmalawi mnzathu Samson Kambalu, chidaima pa Trafalgar Square pakati pa London, atabvala chipewa, chimene m'masiku ake munthu wakuda ankakakamizidwa kubvula pamaso pa mzungu. Zonsezi nzabwino. Koma palibe mmodzi wa ife angathe kukayala nkhata pa manda ake.

Ndikadakonda kunena kuti khalidwe limeneli lidapita ndi atsamunda, koma ndikadanama. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa, David Chiwanga, adapezeka atafa ku Thambani, m'boma la Mwanza. Dziko lidauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Awa adali anthu amene dzulo lake ankaomberedwa m'manja pa misonkhano. Sadalandire mbendera kapena lipenga, ndipo lamulo lidaperekedwa kuti mabokosi ao asatsegulidwe. Ife amene tidali akulu kale nthawi imeneyo tikukumbuka kuti ngakhale kutchula maina ao pa mowa kudali kudziputira mlandu. Nanga nkuletseranji kuona nkhope ya munthu wofa pa ngozi ya galimoto? Yankho lidamveka patapita zaka zoposa 11, pamene bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Harry Mtegha, limene lidakhazikitsidwa mu 1994, lidapeza kuti anaiwo adachita kuphedwa ndi apolisi. Mlandu udapita ku khoti, ndipo mu December 1995 Dr. Banda ndi ena amene adazengedwa naye adapezeka osalakwa. Sindidzaweruza pano mlandu umene khoti lidaweruza. Ndingonena kuti mabokosi okhomedwa aja adasunga chinsinsi zaka zonsezo, ndi kuti amene adalamula kuwakhoma adadziwa chimene nkhope zija zikadanena.

Orton Chirwa, loya woyamba wakuda m'dziko muno, amene adayambitsa Malawi Congress Party mu 1959, adafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Mkazi wake Vera adali m'ndende yomweyo, ndipo sadaloledwe kupita ku maliro a mwamuna wake. Henry Masauko Chipembere adafera ku California mu 1975, kutali ndi Mangochi. Mseu waukulu wa mu Blantyre udalandira dzina lake zinthu zitasintha mu 1994, patapita zaka zambiri atamwalira.

Tsono tiyeni kwa amene adalandira ulemu wonse. Dr. Hastings Kamuzu Banda adamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997, atachoka kale pa mpando zaka zitatu. Boma la Bakili Muluzi, lomwe lija lidamzenga mlandu wa ku Mwanza, ndilo lidamchitira maliro a Boma, namuika ku Lilongwe pa 3 December. Ena adang'ung'udza. Ine ndidati Boma lachita bwino, pakuti kwathu kuno ngakhale munthu amene mudalimbirana naye malire a munda mumapita kukamkumbira manda. Komabe chiliza chachikulu chimene mumachiona pa zithunzi chidadza pambuyo, chomangidwa ndi Boma la Bingu wa Mutharika, chimene chidatsegulidwa pa 14 May 2006. Dzina la Kamuzu pa bwalo la ndege la ku Lilongwe ndi pa bwalo la mpira la mu Blantyre lidachotsedwa ndi Boma lina, nabwezedwa ndi Boma lina. Ulemu wa Boma umayenda ndi nyengo, monga madzi a m'nyanja ya Chilwa, amene chaka china afika pa gombe, chaka china asodzi ayenda pansi pouma kuwafunafuna.

Za Bingu mwini wake ambiri mukuzikumbuka. Adagwa pa 5 April 2012 ku Lilongwe. Masiku awiri dziko lidakhala losauzidwa zoona. Thupi lidakwezedwa ndege kupita ku South Africa ngati munthu wodwala, ndipo imfa idalengezedwa pa 7 April, tsiku limene Joyce Banda adalumbira kukhala Mtsogoleri. M'masiku awiriwo mphekesera zidadzaza dziko, aliyense ndi nkhani yake. Thupi litabwera adaligoneka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, kenaka ku Mzuzu, kenaka ku Sanjika mu Blantyre, anthu nandanda mizere yaitali m'zigawo zonse zitatu. Pa mizere imeneyo padali omkonda, ndipo sindikaika kuti padalinso amene adagona pa mzere wa mafuta a galimoto chaka chimenecho, ndi amene sadaiwale za pa 20 July 2011. Ambiri adapita kukalira, ena adapita kukatsimikiza. Zonse ziwiri nzololedwa pa kuona nkhope, ndipo wolengeza safunsa munthu chimene chamdzetsa. Pa 23 April adamuika pa munda wake wa Ndata ku Thyolo, m'nyumba ya manda yotchedwa Mpumulo wa Bata, imene adaimanga ali moyo, pambali pa mkazi wake Ethel amene adamwalira mu 2007. Ena a inu mudakwera malole kupita kumeneko. Onani kuti Boma lidayenda nalo thupi masiku onsewo, koma potsiriza lidalitula kwao.

Maliro a pa 10 June 2024 akadali atsopano m'mitima. Ndege ya asilikali idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, nafa Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Iwonso adali pa ulendo wa ku maliro, a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Boma lidalengeza masiku 21 a chisoni. Thupi lidagonekedwa ku Nyumba ya Malamulo, mwambo wa Boma udachitikira pa Bingu National Stadium pa 16 June, ndipo utatha udayamba ulendo wa ku Nsipe, ku Ntcheu, kumene adamuika pa 17 June. M'njira anthu adatseka mseu m'malo ena, akufuna kuti mdipiti uime aone bokosi. Mdima utagwa, galimoto ina ya pa mdipitiwo idaomba anthu m'mbali mwa mseu ku Ntcheu, anai nafa. Anthu anai adachoka m'nyumba zao kukalira maliro, nasanduka maliro iwo eni. Ku Tanzania, mu March 2021, anthu 45 adafa popondana pa bwalo la Uhuru ku Dar es Salaam pofuna kuona thupi la John Magufuli. Anyamata inu, pamene munkati bokosi liime pa bwalo lino, a nthambi zonse adze, mudakonza ndani wosunga mzere? Mudaganiza za nkhalamba ndi amai obereka ana? Khamu la anthu olira silimva wolengeza.

Tsopano tafika pa funso lenileni. Thupi la munthu womveka ndi la yani? Anansi athu alimbana nalo funso limeneli poyera. Kenneth Kaunda, amene atate ake David Kaunda adachokera kuno ku Nyasaland, adamwalira pa 17 June 2021. Boma lidayendetsa thupi lake m'zigawo za Zambia, naliika pa 7 July ku Embassy Park ku Lusaka, kumene amaika atsogoleri ao, ngakhale ena akubanja adapita ku khoti kunena kuti iye adafuna kugona pambali pa mkazi wake Betty. Kumeneko Boma lidapambana. Ku Zimbabwe zidatembenuka. Robert Mugabe, amene adaika anzake ambiri ku Heroes Acre ku Harare, atamwalira mu September 2019 akubanja adakana malo amenewo, namuika kwao ku Kutama. Ndipo Edgar Lungu atamwalira ku Pretoria pa 5 June 2025, banja lake ndi Boma la Zambia adakanganirana thupi m'makhoti a South Africa, miyezi nipita munthu asanaikidwe. Kodi umenewo ndi ulemu? Mbali iri yonse inkati ikulemekeza malemu, monga momwe inu ndi eni mbumba mudanenera mwezi watha.

Ndikumbukenso chimodzi chimene ndidaona ndi maso anga. Mu October 1986, pamene Samora Machel adafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, thupi lake lidagonekedwa ku Maputo, kutali kwambiri ndi kuno. Abale athu othawa nkhondo amene adali pakati pathu adamva uthengawo pa wailesi ya mnansi wanga. Mkulu wina wa iwo adabvula chipewa, nakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse osadya. Adalibe mbendera, adalibe ngakhale mphasa yakeyake. Sindikhulupirira kuti ku Maputo kudali munthu amene adapereka ulemu woposa umenewo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndi a ine ndekha, komiti idzaona. Mtsogoleri wa dziko adalumbira pamaso pa anthu onse, nalipidwa ndi msonkho wa anthu onse, chotero anthu onse ali ndi gawo pa maliro ake. Mbendera imene amamfunditsa ndi ya dziko, ya munthu wa chipani chiri chonse ndi wopanda chipani yemwe. Nsalu yathu siri choncho. Ndi ya ife tokha. Pa maliro aja padali alongo ake a malemu amene amabvala nsalu ya chipani china. Padali a mpingo wake ndi a mipingo ina, padali Asilamu a ku msika, padali amene adadza chifukwa malemu adawabwerekapo khasu, kapena adawaperekeza ku chipatala usiku pa njinga. Mukafunditsa bokosi nsalu yathu mwawauza onsewo kuti maliro si ao. Ndipo ngati Boma lenilenilo, ndi asilikali ake ndi mizinga yake, limayenera kuyamba lakhala pansi ndi banja, nthambi ya Nazombe ndi yani kuti ilamule pa siwa?

Ndapitako ku maliro a anthu omveka kumene amai a zipani ziwiri adakhala moyang'anana, awa akaimba nyimbo yao, awonso akweza yao, kufikira kwaya ya mpingo idangokhala chete. Wonena mbiri ya malemu adauzidwa kuti afupikitse, andale natenga maola awiri, aliyense kulengeza chipepeso chake pa chimkuzamau ngati akugulitsa fodya ku okushoni. Wamasiye adakhala pa dzuwa nthawi yonseyo, mwana ali pa mwendo. Ndidabwerako ndiri ndi manyazi, ngakhale sindidalankhule kanthu. Sindifuna kuti zotere zimere pano.

Ndisanakhale pansi, pali maliro ena amene ndikufuna nthambi iwaganizire. Mu March 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi, nakokolola nyumba, minda ndi anthu mazanamazana kuno ku Phalombe. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adachitanso zomwezo, ku Nkhulambe kwa anansi athu, ku Muloza, ku Chiradzulu, ku Chilobwe mu Blantyre. Boma lidalengeza masiku 14 a chisoni, mbendera zidatsitsidwa, ndipo Mtsogoleri wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adakhala nao pa maliro a ku Chilobwe. Koma ambiri sadapezeke konse. Ali pansi pa miyala ndi mchenga, ena madzi adapita nao kutsidya kwa malire. Palibe adawasambitsa, palibe adaona nkhope zao. Sadali nduna, koma ena adali akulu m'midzi mwao, azamba amene adatilandira pobadwa, anankungwi, aphunzitsi, akulu a mpingo. Iwo a 1991 aja, ana obadwa pambuyo pake sadziwa ngakhale maina ao, ndipo ife owadziwa tikutha mmodzimmodzi. Tikudandaula kuti atsamunda adabisa manda a Chilembwe. Awa sadawabise munthu, koma tikangokhala chete adzatayika chimodzimodzi.

Chotero ndikupempha komiti kuti a Msungichuma atulutse ndalama ya buku lachikuto cholimba. Aliyense amene adataya mbale pa napolo wa 1991 kapena pa Freddy adze ndi dzina lake, mudzi wake, ndi mau awiri onena chimene adali. Mafumu atsimikize maina. Pachikuto pasalembedwe dzina la chipani, pakuti madzi aja sadafunse munthu khadi. Bukulo likhale kwa mfumu, osati kwa ife, ndipo mwezi wa March uli wonse liwerengedwe poyera, dzina ndi dzina, m'mene timandandira pa kuona nkhope.

Za maliro a anthu a nthambi yathu, ndikupempha kuti tikamva uthenga tizipita ndi ufa, nkhuni ndi manja ogwira ntchito. Nsalu izikhala m'thumba la a Mlembi, ituluke pokhapokha eni mbumba aifunsa. Wolankhula m'malo mwa nthambi akhale mmodzi, ndipo anene zimene malemu adachita, asanene za chisankho. Chipepeso chipite m'manja mwa mwini mbumba kuseri kwa nyumba. Ngati alipo pano amene akufuna kuti bokosi lake lidzafunditsidwe nsalu yathu, palibe choletsa, koma auze alongo ake ndi ana ao akadali moyo, pamaso pa mboni, kuti tsiku lakelo anyamata asadzalimbane ndi anthu olira. Ine ndauza kale ana a mlongo wanga zimene ndikufuna, ndipo musadabwe mukadzaona bokosi langa liri ndi nsalu yoyera yokha.

Chotsala ndi chimodzi, a Wapampando. Akubanja aja tidawalakwira, ngakhale sitidafune. Ndikupempha kuti Loweruka likudzali tipite kwao ndi nkhuku ndi lichero la ufa, titadzera kwa mfumu, kukapepesa. Anyamata amene adanyamula nsalu aja apite nafe, asachite mantha, olankhula tidzakhala ife akulu. Ndidzatsogolera ndine, ngati wina andikweza pa njinga, pakuti maondo akana kufika kumeneko pansi.